Kawaya ka Pakati pa Makina Awiri

Paipi yaikulu ya kumtsinje inaphulika Loweruka masana. Ine ndinamva Lolemba, nditafika kuntchito. Masiku amenewo sindinkatuluka m'nyumba kumapeto kwa sabata. Mkazi wanga Jesinta tinali titamuika m'manda mwezi wa Juni, ndipo anthu anali atasiya kundigogodera ndi nkhani.

Chinali chaka cha chilala chija, 1992, mwezi wa Okutobala. Ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya nzimbe ku Chikwawa, yosamala makompyuta awiri amene ankayendetsa madzi a m'minda. Makinawo ndiwo ankauza mapampu a kumtsinje nthawi yoyaka ndi yozima, ndiponso ankatsegula ndi kutseka zitseko za m'mapaipi. Anali awiri mwadala. Kompyuta imodzi inkagwira ntchito, inayo inkangodikira. Pakati pawo panali kawaya kotuwa, ndipo m'kawayamo yogwira ntchito ija inkauza inzake kosalekeza kuti ndilipo, ndilipo. Mawu amenewo akasiya, yodikirayo inkadziwa kuti inzake yagwa, n'kutenga ntchito yokha popanda munthu kuikhudza.

Amuna a pa shifiti anawapatsa mayina makinawo. Yoyamba inali Mai Akulu, yachiwiri Mai Ang'ono. Ankati ndi mitala: khitchini imodzi, wophika mmodzi. Pakhoma panali nyale. Akamagwira ntchito Mai Akulu inkayaka yobiriwira. Akatenga ntchito Mai Ang'ono inkayaka yachikasu, ndipo inkakhala choncho mpaka ine nditabwera kudzabweza ntchito mwadongosolo.

Bwana Edmund, mkulu wa dipatimenti ya madzi, anandiitanitsa ku ofesi kwawo. Anatseka chitseko, n'kutsekanso windo ngakhale kunkatentha.

"Khalani pansi, a Elisha. Mwamva?"

"Ndamva za paipi."

"Paipi, ndi mota imodzi yapsa. Anthu a kumtsinje akuti mapampu ankayaka, kuzima, kuyakanso, ngati alowedwa ziwanda. Kenako chitseko chinatsekeka madzi ali pa liwiro. Zimatheka bwanji zimenezi?"

"Makina onse awiri akamalamula nthawi imodzi."

"Mesa munati sizingatheke?"

"Siziyenera kutheka."

Anapukuta thukuta m'khosi ndi mpango.

"Akuluakulu a ku Blantyre akuti wina wachita dala. Chaka cha chilala, nzimbe zazing'ono zikuuma, ndiye paipi iphulike yokha? Ndipo mukudziwa mmene dziko lilili chaka chino. Anthu akunyanyala ntchito, timapepala tikuyenda m'matumba. Aliyense akufuna dzina." Anayang'ana kuchitseko. "Pa shifiti panali Kaitano."

Kaitano anabadwira kutsidya kwa malire, ku Mutarara. Anabwera kuno ali pamsana pa amake, nkhondo ya kwawo isanayambe, ndipo sukulu yonse anaphunzirira ku Nsanje. Koma zaka zimenezo othawa nkhondo anali atadzaza m'chigwa chonse, ndipo munthu wa dzina lotere ankamuyang'ana kawiri. Ndi iye amene anapala matabwa a bokosi la Jesinta.

"Ndamuimitsa, ali kunyumba," anatero bwana. "Lachisanu masana kubwera anthu a ku boma, aja osavala yunifolomu. Likapezeka vuto la makina, ndiwauza kuti ndi makina. Likapanda kupezeka, amutenga. Ndipo iwo aja akatenga munthu sanena tsiku lomubweza."

"Ndamva."

"Basi? Ndamva?"

"Ndikayang'ane makina."

Chipinda cha makina chinali kuseri kwa maofesi, chopanda windo la kunja. Pa shifiti ndinapeza a Saulos, wamkulu pa onse atatu ogwira mashifiti. Analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani kukomboni, ndipo makadi a chipani tinkagula kwa iwo. Anali munthu wa nthabwala.

"Afika ankhoswe!" anafuula. "A Elisha, akazi anu amenyana Loweruka, aphwanya mtsuko wa bwana." Anaseka, kenako anagwira pakamwa. "Pepani. Pakamwa pangapa sipafunsa."

"Palibe kanthu."

Ndinatsegula bokosi la zida. Iwo anakoka mpando kudzakhala pafupi.

"Koma ine ndinanena kale. Anthu a kutsidya awa amaseka nawe bwinobwino, koma za mumtima mwawo amadziwa ndi Mulungu. Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ntchito ndine, ndi manja angawa. Ndiye taonani."

Ndinayamba ndi magetsi. Ndinayeza amene ankalowa m'chipindamo, ndinayeza mabatire. Zonse zinali bwino. Ndinayeza kawaya kaja mbali zonse ziwiri, ndipo sikanaduke paliponse. Ndinaimbira foni anthu a kumtsinje kuti ayendetse mapampu pamanja, ine n'kuzimitsa dala Mai Akulu. Mai Ang'ono anatenga ntchito. Nyale inasanduka yachikasu. Ndinayatsanso Mai Akulu. Anadzuka, anamva kuti mnzawo akugwira ntchito, anakhala phee kudikira. Ndinabweza ntchito. Ndinabwerezanso zomwezo. Makina ankachita zimene anawapangira.

Lachiwiri ndinasinthanitsa ziwalo za m'kati, za kuno kupita uko, za uko kubwera kuno. Palibe chinasintha. Ndinaimbira foni kampani imene inatigulitsa makinawo. Anati mmisiri wawo ali kunja kwa dziko, abwera mwezi wamawa. Ndinaika foni pansi, n'kukhala ndikuiyang'ana. Madzulo ndinapita kunyumba, ndinadya mbatata yotsala m'mawa, ndinagona. Sindinganene kuti ndinali ndi nkhawa. Ndinkadziwa kuti Lachisanu likubwera, monga mmene munthu amadziwira kuti kunja kukutentha.

Lachitatu masana pa shifiti panali Augustino, wachitatu wa iwo, munthu wamanyazi wa banja latsopano. Kunja dzuwa linali litaima pamutu. M'chipindamo munkayenera kuzizira, koma ndinazindikira kuti malaya andimatirira kumsana. Ndinaika dzanja pa makina oziziritsa chipinda. Ankalira mwamphamvu, koma ankatulutsa mpweya wofunda. Ndinatsegula kumaso kwake. M'kati munali mutatsekeka ndi fumbi ndi phulusa lakuda la nzimbe zootchedwa.

Ndili chiimire pomwepo, Mai Akulu anazima okha. Anatenthedwa. Mai Ang'ono anatenga ntchito, nyale inasanduka yachikasu.

Augustino anadzambatuka pampando, anaponya phazi limodzi kulowera kuseri kwa makina, kenako anandiyang'ana. Anabwerera, n'kukhala pansi.

"Umapita kuti?"

"Ayi bambo. Mwendo unachita dzanzi."

"Zimachitika kawirikawiri, kuzima kotereku?"

"Sindikudziwa bwino, bambo. Mwina a Saulos angadziwe."

Ndinali nditapeza chimodzi: Mai Akulu ankakomoka ndi kutentha. Koma zimenezo sizikanaphulitsa paipi. Mai Ang'ono analipo chifukwa cha zomwezo. Ndinapita kuseri kwa makina kumene phazi la Augustino linaloza. Ndinagwada. Kawayako ndinali nditakayeza kale, koma sindinali nditakayang'ana. Pamene kankalowera mwa Mai Akulu pankayenera kukhala tizitsulo tiwiri tomangira, kuti kasazuke. Panalibe. Mawaya ena onse anali ndi fumbi. Mutu wa kawayako unali wosalala, wonyezimira ngati mpini wa khasu.

Ndinabweza ntchito kwa Mai Akulu atazizira, n'kutuluka.

Lachinayi m'mawa ndinapita kukomboni. Kaitano ndinamupeza pansi pa mtengo wa nimu, atakhala pa mpando wopanda chotsamira, atavala malaya oyera ngati akupita kutchalitchi. Mkazi wake Luisa anandipatsa mpando, anandipatsa moni atagwada, n'kubwera ndi madzi a malambe m'kapu.

"Shamwali," anatero Kaitano, "mwabwera kudzatsazika?"

"Ndabwera kudzafunsa."

"Funsani. Onse akufunsa. Dzulo kunabwera mwana wa mlongo wanga kudzafunsa ngati njinga ndimusiyira."

"Loweruka unagwira kawaya kakuseri?"

Luisa analowa m'nyumba, koma chitseko sanatseke.

"Kaja kotuwa?" anafunsa Kaitano.

"Komweko."

"Ndinangowayanjanitsa, monga mwa masiku onse."

"Fotokoza."

"Aa, a Elisha. Mai Akulu akakomoka, nyale imakhala yachikasu. Ukawayatsa, amadzuka koma amanyanyala, safuna kugwira ntchito chifukwa akuona mnzawo ali kukhitchini. Ndiye umazula kawaya kaja kaye, kuti asaonane. Ukawayatsa choncho, amadzuka bwinobwino, nyale gwa, yobiriwira. Kenako umabwezera kawaya, Mai Ang'ono amapepesa, n'kukhala pansi. Basi. Kanthawi kochepa, kongokwana kumwa tiyi."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"A Saulos. Tonse timatero. Augustino nayenso."

"Kuyambira liti?"

Anayang'ana pansi, n'kuyamba kujambula ndi chala cha kuphazi pa dothi.

"Kuyambira muja munali kuchipatala ndi malemu. Tsiku lina kunabwera alendo a ku Blantyre, anapeza nyale yachikasu. Bwana anatikalipira pamaso pawo, anati asadzaionenso nyale imeneyo, wopezeka nayo adziwe kolowera. Tsono wobweza ntchito ndi inu. A Saulos anati, munthu akudwazika mkazi, tizikamutenga kuchipatala chifukwa cha nyale? Anayesayesa mpaka anapeza njira imeneyi. Kenako kunagwa maliro. Namfedwa sumugogodera ndi nkhani ya nyale."

Ndinamwa madzi a malambe aja. Anali owawasa. Zinali zoona kuti anali atasiya kundiitana, ndipo ine sindinafunsepo chifukwa chake.

"Ukazula kawaya," ndinatero, "Mai Akulu amadzuka osamva mnzawo. Amayesa wafa. Mai Ang'ono nawonso samva kanthu, amayesa Mai Akulu akadali chikomokere. Onse awiri amalamula mapampu."

"Nkhabe, ayi! Nanga bwanji miyezi yonseyi sichinaphulike chinthu?"

"Ankalamula zofanana. Madzi ankapita kumodzi tsiku lonse. Pano ndi chilala, mukugawa madzi, m'mawa minda ina, masana ina. Loweruka unazula nthawi yosintha. Mai Akulu anadzuka ndi za m'mawa, Mai Ang'ono ali ndi za masana. Wina ankatsegula, wina ankatseka."

Kaitano anasiya kujambula pansi.

"Ndiye kuti ndine."

"Ndi dzanja lako."

Luisa anatulukira pakhomo. "Bambo," anatero kwa ine, "musakanene zimenezo. Chonde. Kanenani kuti ndi makina. Mesa mwapeza kuti amatenthedwa? Kanenani zomwezo."

"Kutenthedwa sikuphulitsa paipi, mayi. Mmisiri wa kampani akadzabwera adzaona. Adzamutengabe, nthawi imeneyo ndi bodza pamwamba."

"Nanga mukanena kuti anazula waya ndi dzanja lake, amusiya? Aja amamva za nyale?"

"A Saulos akana," anatero Kaitano. "Ndikuwadziwa. Augustino ali ndi mkazi woyembekezera, sangatsegule pakamwa. Nditsala ndekha, ndi dzina langali. A Elisha, mukanena mwandipha."

Ndinabweza kapu. Ndinawatsazika.

"Simunayankhe," anatero Luisa.

"Lachisanu usachoke pakhomo," ndinauza Kaitano.

Ndinabwerera kuntchito wapansi, m'mbali mwa ngalande youma. Ndinaganiza zofunsa a Saulos, ndinaleka. Akanadziwa kuti ndadziwa, sakanagwiranso kawayako mpaka kalekale. Iwo sankakhulupirira kuti kuzula kawaya n'kumene kunaphulitsa paipi. Anali atachita zimenezo kambirimbiri popanda chovuta, ndipo mumtima mwawo ankakhulupiriradi kuti Kaitano anachita china chake. Makina oziziritsa aja sindinawatsuke. Ndinawasiya ndi phulusa lawo.

Lachisanu pa shifiti ya masana panali a Saulos. M'mawa ndinapita kumtsinje ndekha, ndinauza anthu a kumeneko kuti tsiku lonse ayendetse mapampu pamanja, ndipo ndinadula njira yochokera ku makompyuta. Chilichonse chimene makina akanalamula tsiku limenelo chikanathera m'waya. Sindinauze a Saulos.

Dzuwa litakwera ndinalowa m'chipinda cha makina, n'kutenga bokosi langa la zida.

"Mwalephera, ankhoswe?" anafunsa a Saulos.

"Ndikupita kumtsinje. Ndibwera madzulo."

"Pitani bwino. Mukapereke moni kwa ng'ona, muziuze kuti makadi a chaka chino afika."

Ndinapita ku ofesi ya bwana Edmund. Anali atavala tayi, akudikira alendo awo.

"Mwapeza?"

"Tiyeni mukaone."

"Ndiuzeni pompano, a Elisha. Anthu aja ali m'njira."

"Ndikakuuzani simukhulupirira. Tiyeni."

"Inu, ndine bwana wanu."

Ndinaima pomwepo. Anandiyang'ana, anayang'ana wotchi, anatukwana pang'ono m'Chingerezi, n'kunyamuka.

Pambali pa chipinda cha makina panali kachipinda kosungira zida, kolowera kunja. Pakhoma la pakati panali kawindo ka galasi kokutidwa ndi fumbi, kamene aliyense anakaiwala. Ndinali nditapukuta pakona pake. Tinalowa mwakachetechete, ndinatseka chitseko. Munali mdima, munkanunkha girisi ndi ndowe za mileme.

"Tikudikira chiyani?" ananong'ona bwana.

"Mai Akulu akomoke."

"Mpaka liti?"

"Akatenthedwa."

Tinaima. Thukuta linkayenderera m'miyendo. Bwana anamasula tayi, kenako anavula jekete. Kudzera pagalasi tinkaona a Saulos atakhala pampando, akudya chinangwa chootcha, akudzikupiza ndi chikatoni. Nyale inali yobiriwira. Nthawi inapita. Ndinaganiza kuti mwina lero sakomoka, ndipo ndikatuluka muno ndilibe china choti ndinene koma dzina la Kaitano. Ndinaliganiza ganizo limenelo mpaka kumapeto kwake. Miyendo inkawawa.

"A Elisha, imfa ya mayi ija yakusokonezani mutu," ananong'ona bwana. "Ndikupita."

Ndinagwira chitseko. Sindinachitsegule.

"Chokani pamenepo."

"Pang'ono."

Sindidziwa kuti akanatani. Kuseri kwa galasi nyale inasanduka yachikasu.

A Saulos anayang'ana nyale, anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali pafupi nthawi imene bwana ankadutsa masana aliwonse. Anapukuta manja m'thalauza, anaimirira osafulumira, akung'ung'udza nyimbo ya m'kwaya. Anatsegula chitseko chakumaso kwa Mai Akulu, anawakupiza ndi chikatoni chija kwa kanthawi. Kenako anapita kuseri, anawerama, n'kuzula kawaya. Anakakoleka paphewa ngati thaulo. Anayatsa Mai Akulu.

"Akuchita chiyani?" anafunsa bwana.

"Zimene zinachitika Loweruka. Pano onse awiri akulamula."

"Mapampu!"

"Ndadula. Ali pamanja."

Nyale inasanduka yobiriwira. Bwana anandikankha, anatuluka, anazungulira kukalowa m'chipinda cha makina. Ine ndinatsatira.

A Saulos anatembenuka, kawaya kali paphewa.

"Bwana! Mwafika bwino. Zonse zili m'malo, onani nyale."

"Chimenecho n'chiyani paphewapo?"

"Aka? Ndimangowayanjanitsa, bwana. Ndibwezera pompano."

"Anakuuzani ndani kuti muzizula waya?"

"Palibe. Ndi nzeru zathu za pa ntchito." Anandiona kumbuyo kwa bwana, nkhope inasintha. "A Elisha, mesa muli kumtsinje?"

"Auzeni," anatero bwana kwa ine.

Ndinawauza, monga ndinauzira Kaitano. Sizinatenge nthawi. A Saulos anamvetsera kukamwa kuli pululu, kenako anapukusa mutu.

"Ayi. Ayi, ayi. Ine ndachita zimenezi kuyambira nthawi ya dzinja, palibe ngakhale kapu inasweka. Ndipo bwana, ndi ulemu wonse, mesa ndi inu munati simufuna kuonanso chikasu pakhomapa? Pamaso pa alendo munanena. Ife tikanatani? Munthu uyu anali ndi matenda pakhomo."

Bwana anakhala pa mpando wa a Saulos. Anatenga chikatoni chija, n'kuyamba kudzikupiza.

"Onse amatero?"

"Onse atatu," anatero a Saulos. "Ndinawaphunzitsa ndine." Atanena anazindikira chimene anena, ndipo anachotsa kawaya paphewa, n'kukaika patebulo pang'onopang'ono.

Bwana anatembenukira kwa ine.

"Loweruka Kaitano anazula?"

"Anazula."

"Wakuuzani yekha?"

"Yekha."

"Ndiye ndikawauze chiyani anthu aja?"

"Kuti ndi chizolowezi cha shifiti yonse. Akafuna wochita chiwembu, atenge onse atatu. Ayambe ndi a tcheyamani."

"Iwe!" anatero a Saulos. Sanandinenepo iwe chiyambire.

Panamveka galimoto kunja. Bwana anaimirira, anamanga tayi, anafunafuna jekete, anakumbukira kuti yatsala m'kachipinda kaja. Anatuluka choncho.

Ndinaima pakhomo. Land Rover inali itaima pansi pa mtengo wa mtondo. Munatuluka amuna awiri a malaya a maluwamaluwa ndi magalasi akuda. Bwana anawapatsa moni wa manja awiri. Analankhula nthawi yaitali, akuloza kuchipinda cha makina. Mmodzi wa amuna aja anabwera, anasuzumira m'kati, anaona makina, anaona a Saulos.

"A tcheya, muli kuno? Ndi zoona zimene akunena bwana wanuyu?"

"Ndi nkhani ya waya, achimwene," anatero a Saulos. "Za makina. Palibe za ndale apa. Ine ndikanadziwa."

Munthuyo anayang'ana kawaya kali patebulo, sanakakhudze. Anandiyang'ana ine.

"Inu ndinu ndani?"

"Wokonza makina."

"Akonzeni."

Bwana anawatengera ku kantini. Anamwa zoziziritsa kukhosi, anapatsidwa shuga wa m'mapaketi, galimoto inabwerera njira ya ku boma. Kukomboni sinakhote.

Ndinatsuka makina oziziritsa. Munatuluka phulusa lodzaza ndowa. Ndinabwezera kawaya, ndinakamanga ndi tizitsulo tatsopano, ndinakhomerapo chitsulo pamwamba kuti dzanja lisafikepo. Ndinaimbira a kumtsinje, n'kubweza mapampu ku makina. A Saulos anakhala chondifulatira nthawi yonseyo.

Bwana anandiitananso dzuwa litapendeka.

"Sanamutenge," anatero. "Mwakondwa?"

"Ndamva."

"Koma a ku Blantyre akufunabe dzina. Mota yapsa, wina ayenera kuchoka m'chipinda chija. Saulos sindingamugwire, mukudziwa. Kaitano achoka pa makina. Ndamupezera malo ku ngalande, azikatsegula zitseko za m'minda pamanja. Nyumba ya njerwa ija aisiya, apita kumalaini a anthu a m'munda. Kupitirira apo sindingathe."

"Analakwa onse."

"Ndikudziwa. Ndinalipo." Anasisita m'maso. "Nanga nyale ija, simungaikemo babu lobiriwira mbali zonse ziwiri? Alendo samvetsa."

"Ayi."

"Ndinadziwa kuti mutero. Pitani mukamuuze ndinu."

Ndinapeza Kaitano pansi pa mtengo womwe uja. Pambali pake panali kathumba ka pulasitiki, muli bulangete, sopo ndi kolona. Anthu oyandikana nawo anali m'makonde mwawo, akuyang'ana kwina. Luisa anali chiimire pakhomo, mwana kumsana.

"Abwerera," ndinatero. "Sakutenga."

Luisa anakhala pansi pomwe anaimapo. Sanalire. Kaitano anayang'ana msewu, kenako ine.

"Munanena?"

"Ndinanena."

"Kuti ndinazula?"

"Anafunsa."

Ndinamuuza zotsalazo: a Saulos, ngalande, nyumba. Anamvetsera osandidula. Nditamaliza anaseka pang'ono, kamodzi.

"A Saulos akhala pomwepo?"

"Pomwepo."

"Ndi mpando wawo, ndi mphepo yozizira."

"Ee."

"Ine ndinaphunzira mpaka folomu folo, a Elisha. Ndizikatsegula madzi ndi anthu osadziwa kulemba dzina lawo."

Luisa anadzuka, anabwera kudzatola kathumba kaja.

"Takhuta, bambo," anathokoza m'chinenero cha kwawo motsitsa mawu, n'kulowa nako m'nyumba.

Kaitano anavula malaya oyera aja, anawapinda, anawaika pa bondo. Anakhala choncho, chifuwa chili pamtunda.

"Ku ngalande amayamba nthawi yanji?"

"Kusanache."

"Nsapato za m'madzi amapereka, kapena munthu amagula yekha?"

"Sindikudziwa. Ndikafunsa."

"Mukafunse," anatero.

Lolemba ndikupita kuntchito ndinamuona patali, m'munda wa kumadzulo, ataimirira m'matope ofika m'mawondo, akupotokola chitseko cha ngalande. Madzi anali atayamba kuyenda. Sanadzutse mutu, ndipo ine sindinaime.